Kuthandiza Mwana Amene Amavutika Kuphunzira

“Kuona maso a nkhono nkudekha.”—Mwambi wachicheŵa.

1, 2. (a) Kodi ndi mkhalidwe wothetsa nzeru wotani umene makolo ena amayang’anizana nawo? (b) Kodi tidzapenda mafunso otani?

TALINGALIRANI za mnyamata wazaka khumi wokhala ku Sizinda, limodzi la madera akale a antchito apanjanji mumzinda wa Bulawayo, ku Zimbabwe. Agogo ake anachokera ku Malaŵi kalekale kudzafuna ntchito. Iye amalankhula Chicheŵa ndi agogo akewo, Chindebele ndi anzake, ndi Chingelezi m’kalasi. Amapanga magalimoto a waya amene ana onse a m’deralo amasirira, ndipo saiŵala nthano imene wasimbiridwa kamodzi kokha. Komabe, aphunzitsi atamuuza kuimirira ndi kuŵerenga mokweza, m’kamwa mwake mumauma. Amadodoma, amalumpha mizere, ndipo anzake amaseka. Pamene lipoti la kusukulu lifika panyumba, atate ake akufunsa mwaukali kuti: “Kodi iwe chimakuvuta nchiyani? Mlongo wako wamng’ono akuŵerenga kale!” Mwanayo akungozolika, misozi ili lengelenge.

2 Mabanja ambiri ku Malaŵi, Zambia, Mozambique, ndi kwina konse amadziŵa bwino mkhalidwe umenewu. Makolo amavutika kupeza ndalama za sukulu, choncho kulephera kwa mwana kumawapweteka mtima. Koma kodi mwana wotereyu ngwaulesi? Kodi nchiyani kwenikweni chimene chimamlepheretsa? Ndipo kodi makolo, aphunzitsi, ndi mabwenzi angamchirikize motani?

Kodi Vutolo Nlotani?

3. Kodi nchiyani chimene dokotala wina anafotokoza mu 1896?

3 Vutoli silachilendo. Mu 1896, dokotala wa ku England, W. Pringle Morgan, analemba m’magazini a zamankhwala otchedwa British Medical Journal ponena za mnyamata wazaka 14 amene anali wanzeru, wachangu pamaseŵera, ndi wokhoza masamu, koma amene analephera kuŵerenga mawu apafupi ngakhale pambuyo pa zaka zambiri za sukulu. Analakwitsa ngakhale kulemba dzina lake lenileni. Maso ake anali abwinobwino. Lerolino vuto limenelo limatchedwa dyslexia, liwu limene Rudolf Berlin, dokotala wa maso wa ku Germany, anagwiritsira ntchito mu 1887.

4. Tchulani mitundu ina ya mavuto a kuphunzira.

4 Vuto la kuphunzira limayambukira luso limodzi kapena aŵiri a mwana amene nzeru zake pazinthu zina zili zofanana ndi za anzake, kapena ngakhale zoposa. Wokhala ndi dyslexia amavutika kugaŵa liwu m’timawu take ndi kugwirizanitsa kamvekedwe kalikonse ndi chilembo chake. Kaŵirikaŵiri ofufuza amanena kuti ana 5 kufikira 10 mwa 100 alionse ali ndi vutoli. Wokhala ndi dyscalculia amavutika kumvetsa manambala, kotero kuti kuwonkhetsa kwapafupi, kudziŵa nthaŵi pawotchi, ndi kuŵerengera chenje zimamthetsa nzeru. Wina amadziŵa yankho koma amalephera kulilemba mwadongosolo papepala. Ana ena alinso ndi ADHD, mkhalidwe umene umachititsa kukhala kovuta kusumika maganizo kapena kukhala bata. Chotero, m’kalasi la ana 50, mwachionekere muli angapo amene akulimbana ndi limodzi la mavuto ameneŵa.

5. (a) Kodi mavuto a kuphunzira amachititsidwa ndi chiyani? (b) Kodi ndi malingaliro olakwika otani amene tiyenera kukana?

5 Kodi chochititsa nchiyani? Kufufuza kwasonyeza kuti ubongo wa ana ameneŵa umalinganiza mawu kapena manambala mwanjira yosiyana, ndi kuti vutolo kaŵirikaŵiri limayenda m’magazi. Atate amene amakalipira mwana wawo angakumbukire kuti iwo eni, kapena amalume a mwanayo, anasiya sukulu kaamba ka vuto limodzimodzilo. Komabe, m’madera ena anthu amanena kuti mwanayo analodzedwa, kapena kuti makolo ake anamgwiritsira ntchito monga chizimba kuti alemere. Ena amaimba mlandu amayi ake. Malingaliro ameneŵa ngabodza, ndipo apasula maukwati ndi kudanitsa achibale. Choipa koposa nchakuti, pamene akulu akulozana zala, zaka zimene mwanayo akanathandizidwa zimapita.

Yambani mwa Kupeza Chochititsa

6. Kodi nchifukwa ninji mwana ayenera kupimidwa kuchipatala choyamba?

6 Si mwana aliyense wotsalira m’kalasi amene ali ndi vuto la kuphunzira. Mwana amene saona bwino pabolodi, kapena amene makutu ake amatuluka mafinya kaŵirikaŵiri, sangatsatire phunziro. Njala, kuchepa kwa magazi, malungo okwera kumutu, ndi khunyu zingayambukirenso kuphunzira. Ku Kabwe, m’Zambia, kumene mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, ana ambiri apezeka ndi mtovu wochuluka m’magazi, ndipo mtovu umavulaza ubongo umene ukukula. Motero sitepe loyamba ndilo kupita ndi mwanayo kukiliniki kuti akapimidwe maso, makutu, ndi thanzi lake lonse. Ku Bulawayo, makiliniki a m’madera amatumiza ofunikira kupimidwa kowonjezereka kuzipatala zazikulu monga Mpilo ndi United Bulawayo Hospitals.

7, 8. (a) Kodi tingasiyanitse motani vuto la chinenero ndi vuto la kuphunzira? (b) Kodi nchifukwa ninji Chingelezi chimavumbula vuto limene linali lobisika?

7 Palinso nkhani ya chinenero. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a mu 2013 amavomereza zinenero 16, kuphatikizapo Chicheŵa, Chindebele, ndi chinenero cha manja. Ngakhale kuli tero, mwana wa m’banja lachicheŵa ku Bulawayo kaŵirikaŵiri amaphunzira m’zinenero zimene sizili za panyumba. Kulankhula zinenero zingapo sikumachititsa dyslexia. Mwana amene angofunikira kuzoloŵera chinenero chatsopano amapita patsogolo m’kupita kwa miyezi. Koma amene ali ndi dyslexia amavutika kuŵerenga ngakhale m’chinenero chimene amalankhula mosadodoma. Mwachitsanzo, mungamfunse kuti: “Kodi patsala chiyani utachotsa ‘ga’ pa liwu lakuti ‘galu’?” Ngati mwana wazaka zisanu ndi zitatu alephera mobwerezabwereza mafunso otere, mpofunika kufufuza mowonjezereka.

8 Onaninso kuti m’Chicheŵa ndi m’Chindebele, mawu amalembedwa pafupifupi monga momwe amatchulidwira. Chotero mwana wovutikayo angaŵerenge molondola, ngakhale kuti amatero mochedwa kwambiri ndi motopa. Chingelezi nchosiyana. Zilembo zakuti “ough” zimatchulidwa mosiyanasiyana m’mawu akuti “though,” “through,” ndi “tough.” Nchifukwa chake ana ena amaoneka ngati akuchita bwino m’magiredi oyambirira, ndiyeno amagwa pamene maphunziro onse afuna Chingelezi. Kumbali ina, kutembenuza zilembo monga “b” ndi “d” nkofala mwa ana aang’ono onse, ndipo pakokha sikuli umboni wa vuto.

9. Kodi vuto la kuphunzira limasiyana motani ndi kulemala kwa mitundu ina?

9 Tiyeneranso kusiyanitsa vutoli ndi kulemala kwa mitundu ina. Mzinda wa Bulawayo uli ndi mbiri yaitali ya kusamalira olemala. Mmenemo ndimo mmene Jairos Jiri, atagwidwa chifundo poona akhungu ndi opunduka akupemphapempha m’makwalala, anayambitsira mu 1950 bungwe lotchedwa ndi dzina lake. Sukulu ya King George VI imaphunzitsa ana opunduka ndi ogontha, pamene ya Sibantubanye ku Luveve, ya bungwe la Zimcare Trust, imasamalira ana amene nzeru zawo zimakula mochedwa m’mbali zonse. Koma mwana wa dyslexia sagwira ndodo ndipo sayenda panjinga ya olemala. Vuto lake siloonekera, ndipo kaamba ka chimenecho iye amapatsidwa chilango m’malo mwa chithandizo. Kaŵirikaŵiri malo omuyenerera ali m’kalasi wamba, limodzi ndi anzake, akumalandira chichirikizo chowonjezereka.

Gwirizanani ndi Sukulu

10. Kodi ndi makonzedwe otani amene maboma apanga?

10 Mu 1994, oimira maboma 92 anasonkhana ku Salamanca, m’Spain, navomerezana kuti sukulu wamba ziyenera kulandira ana onse, mosasamala kanthu za zofooka zawo. Ku Zimbabwe, unduna wa maphunziro uli ndi nthambi imene ambiri amaidziŵa monga Schools Psychological Services, imene akatswiri ake amapima ana otumizidwa ndi sukulu. Kuyambira m’ma 1980, sukulu za pulaimale zinalangizidwa kupatula nthaŵi mlungu uliwonse yothandiza, m’timagulu tating’ono, ana otsalira pakuŵerenga ndi masamu. Aphunzitsi a maphunziro apadera amaphunzitsidwa pa United College of Education mu Bulawayo mwenimwenimo, pa koleji ya Montfort m’boma la Chiradzulu ku Malaŵi, ndi pa Zambia Institute of Special Education ku Lusaka.

11. Kodi makolo ayenera kufikira motani aphunzitsi?

11 Komabe, makonzedwe olembedwa papepala samafika okha kwa mwana. Makalasi ngodzaza, mabuku ngochepa, ndipo akatswiri ngoŵerengeka. Mphunzitsi wokhala ndi ana 50 kapena oposerapo sangaone zonse. Chotero makolo ali ndi thayo la kuchitapo kanthu. Musayembekezere kufikira mayeso a Giredi 7 atayandikira, pakuti chithandizo chimagwira ntchito bwino koposa m’magiredi oyambirira. Pitani kusukulu mutanyamula makope a mwanayo, ndipo lankhulani mwaulemu. Munganene kuti: “Aphunzitsi, tikuyamikira khama lanu. Mwana wathuyu amayesetsa kunyumba, koma kuŵerenga kukumkanika. Kodi inu mwaona zotani, ndipo ife tingathandize motani?” Mafikidwe otere amapanga mphunzitsi kukhala bwenzi, pamene kumuimba mlandu kumatseka khomo. Ndithudi, mutu umodzi susenza denga.

12. Kodi ndi masinthidwe aang’ono otani amene makolo angapemphe?

12 Masinthidwe ambiri othandiza samafuna ndalama. Mungapemphe kuti mwanayo akhale kutsogolo, pafupi ndi bolodi. Pemphani kuti asakakamizidwe kuŵerenga mokweza pamaso pa anzake popanda kukonzekera, ndi kuti apatsidwe mawu asanu oti aphunzire kalembedwe kake m’malo mwa 20. Nthaŵi zina angafunsidwe mafunso pakamwa kuti asonyeze zimene akudziŵa. Funsani mphunzitsi wamkulu ngati mwanayo angapimidwe ndi akatswiri a boma, ndipo sungani bwino kalata ya zotulukapo zake. Kalata imeneyo ingafunike popempha makonzedwe apadera, monga nthaŵi yowonjezereka, pamayeso a boma. Zopempha zoterozo zimadzera kusukulu, ndipo ziyenera kuperekedwa nthaŵi ikalipo.

13. Kodi nchifukwa ninji mkwapulo suli mankhwala a vutoli?

13 Bwanji ponena za mkwapulo? Chilango chingawongolere mwana wamwano, koma sichingasinthe mmene ubongo umalinganizira zilembo. Palibe amene amakwapula mwana wosaona bwino kuti aone. Ndiponso, mantha amasokoneza chikumbukiro, kotero kuti mwana wonjenjemera amaiŵala ngakhale zimene anadziŵa dzulo. Mu 2020, dziko la Zimbabwe linasintha lamulo lake la maphunziro ndi kuletsa aphunzitsi kumenya ana. Makolo achikondi adzachita bwino kulingalira mosamalitsa zimene zimachitika panyumba pawo pamene lipoti loipa lifika.

Zimene Mungachite Panyumba

14. Kodi ndi njira yotani yophunzitsira imene yathandiza ana ambiri?

14 M’ma 1930, dokotala wa ku United States Samuel Orton ndi mphunzitsi Anna Gillingham analinganiza njira yophunzitsira kamvekedwe ka zilembo mwatsatanetsatane, mwa kugwiritsira ntchito maso, makutu, ndi manja panthaŵi imodzi. Maziko ake angatsatiridwe pakhomo lililonse. Mwanayo alembe chilembo chachikulu pamchenga ndi chala uku akutchula kamvekedwe kake. Aumbe zilembo ndi dongo kapena azipinde ndi waya. Lembani maphatikizo onga “ba,” “be,” “bi,” “bo,” “bu” pazitsekerero za mabotolo, ndipo iye aziike pamodzi kupanga mawu. Ombani m’manja kamodzi paphatikizo lililonse la dzina lake. Musapite pachilembo chatsopano kufikira chakale chitakhazikika, ndipo bwerezani mosatopa.

15. Kodi phunziro la panyumba liyenera kukhala lotani?

15 Mphindi 15 tsiku lililonse zimapindula kwambiri kuposa maola aŵiri a misozi pamapeto a mlungu. Sankhani nthaŵi imodzimodziyo, mwanayo atadya ndi kupumula, ndipo tsekani wailesi. Kumene magetsi amazimazima, chitani zimenezi dzuŵa likalipo. Ŵerengani naye mosinthana, inu chiganizo chimodzi, iye china. Atakakamira paliwu, yembekezerani pang’ono, ndiyeno muuzeni modekha ndi kupitiriza. Nthaŵi zonse malizani ndi chinthu chimene akhoza kuchita bwino. Mabuku a ana angabwerekedwe kumalaibulale, monga Bulawayo Public Library, imene inakhazikitsidwa mu 1896, ndi malaibulale a khonsolo a m’madera a mzindawo.

16. Kodi makolo osadziŵa kuŵerenga angathandize motani?

16 Bwanji ngati inu eni simunapite patali ndi sukulu? Musadziderere. Nthano, miyambi, ndi zilapi zimene agogo amasimba madzulo zimakulitsa mawu a mwana ndi luso lake la kumvetsera. Mpempheni kubwereza nthanoyo mwadongosolo lake. Kwa wovutika ndi masamu, gwiritsirani ntchito nyemba, timiyala, ndi ndalama zenizeni. Maseŵera a bawo, kapena nsolo, amamphunzitsa kuŵerengera popanda mantha a cholembera chofiira. Mkulu wake angamŵerengere notsi za kusukulu ndi kuzijambula pafoni kuti iye azimvetsera mobwerezabwereza. Pomtuma, muuzeni chinthu chimodzi kapena ziŵiri panthaŵi imodzi, ndipo abwereze zimene mwanena.

17. Kodi nchifukwa ninji makolo ayenera kuchenjera ndi olonjeza machiritso ofulumira?

17 Chenjerani ndi awo amene amalonjeza machiritso ofulumira. Palibe mbulu wa mankhwala, muzu, kapena mphini zimene zimachotsa dyslexia, ndipo kufufuza sikunatsimikizire kuti magalasi amitundumitundu amachiritsa vutolo. Mankhwala a ADHD alipo, koma ayenera kuperekedwa kokha ndi dokotala amene wapima mwanayo. Vuto la kuphunzira silimatheratu munthu atakula. Ngakhale kuli tero, mwa kuphunzitsidwa moleza mtima, unyinji wa ana ameneŵa umafikira pa kuŵerenga ndi kulemba mokhutiritsa, ngakhale kuti ena amakhalabe ochedwerapo.

Tetezerani Mtima wa Mwanayo

18. Kodi ndi chivulazo chachikulu chotani chimene chiyenera kupeŵedwa?

18 Kaŵirikaŵiri chivulazo chachikulu koposa chimakhala mumtima. Mwana wotchedwa “mbuli” kapena “chitsiru” tsiku ndi tsiku potsirizira pake amakhulupirira zimenezo. Ena amayamba kudandaula za m’mimba m’maŵa uliwonse, ena amajomba kusukulu, ndipo ena amasanduka ovuta, popeza kuti nkwapafupi kutchedwa wamwano kuposa kutchedwa wopusa. Achichepere otero ali pangozi ya kuchita tondovi ndi ya kugwera m’mayanjano oipa. Chotero mfotokozereni vuto lake m’mawu osavuta. Munganene kuti: “Mwananga, mutu wako uli bwinobwino. Kungoti zilembo zimaloŵa mwa iwe kudzera njira yaitali, ndipo ife tidzayenda nawe njira imeneyo.”

19. Kodi makolo angakulitse motani chidaliro cha mwana wawo?

19 Peŵani kumyerekezera ndi abale ake, pakuti ngakhale zala za dzanja limodzi sizilingana. Yamikirani khama lake, ndipo tchulani mwachindunji chimene wachita bwino, monga: “Mlungu watha liwu ili linakukanika, lero waliŵerenga wekha.” Funafunani mphatso yake, kaya ndi kujambula, kuimba, kukonza njinga, kapena kusamalira dimba, ndipo mpatseni mpata wa kuikulitsa. Komanso musamchotsere mathayo a panyumba chifukwa cha chisoni. Mwana amene amadaliridwa kutunga madzi, kudyetsa nkhuku, ndi kusamalira ang’ono ake amadziŵa kuti ngwofunika m’banjamo.

20. Kodi achibale ndi mabwenzi angachite mbali yotani?

20 Enafe tingathandizenso, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Pamene achichepere akuŵerenga mosinthana pagulu, musadzidzimutse wovutikayo. Mpatseni pasadakhale chigawo chachifupi kuti akonzekere, ndipo musalole ena kumseka. Kodi mungapatule theka la ola pamlungu kuti muŵerenge ndi mwana wa mayi amene akulera yekha ana? Makolo nawonso amatopa ndi kulefulidwa. Iwo amafunikira khutu lomvetsera, osati uphungu wosonyeza kuti analephera kulera.

21. Kodi nchiyani chimene chingasinthe m’moyo wa mnyamata wotchulidwa poyamba uja?

21 Tiyeni tibwerere kwa mnyamata wa ku Sizinda uja. Tinene kuti atate ake aika pambali mkwiyo, apita naye kukiliniki, ndiyeno akaonana ndi aphunzitsi. Madzulo alionse akukhala naye pakhonde, ndipo waya yemwe uja wa magalimoto tsopano akupindidwa kukhala zilembo. Mwinamwake mnyamatayo sadzakhala woyamba m’kalasi, ndipo kupita patsogolo kwake kungatenge zaka. Koma tsiku limene adzaŵerengera agogo ake uthenga wochokera kumudzi ku Malaŵi, liwu ndi liwu kufikira pamapeto, onse adzaona kuti kudekha kwawo sikunapite pachabe. Kodi m’banja mwanu kapena pakati pa anansi anu muli mwana wotero? Ngati alimo, yambani mlungu uno mwa kukhala naye pansi ndi kumfunsa mokoma mtima chimene chimamvuta.

Kodi Mungayankhe Motani?

□ Kodi nchifukwa ninji kuli kulakwa kunena kuti mwana wovutika kuŵerenga ngwaulesi kapena wolodzedwa?

□ Kodi ndi zinthu zina ziti zimene ziyenera kufufuzidwa choyamba?

□ Kodi makolo angapemphe masinthidwe otani kusukulu?

□ Kodi phunziro la panyumba lingachitidwe motani popanda kuwonongerapo ndalama?

□ Kodi tonsefe tingatetezere motani mtima wa mwanayo?